Agogo nawonso akaphunzitse kusukulu za mkaka

M'sukulu zambiri za mkaka, ana a zaka zitatu akuloweza nyimbo za Chingerezi zomwe sakuzimva n'komwe, makolo n'kumaomba m'manja. Ine zimandiwawa. Mwana amayamba kuganiza m'chinenero cha amayi ake, ndipo maphunziro a msinkhu umenewu tinali nawo kale: nthano za Kalulu ndi Fisi, ndagi, masanje, ngakhale phada amene amaphunzitsa kuwerengera popanda choko.

Malo olerera ana a m'midzi, aja a CBCC, amayendera thukuta la eni mudzi. Makolo amasonkha chimanga cha phala, alezi ambiri ndi ongodzipereka. Nanga bwanji agogo, eni nthano, amangothera pakhomo poperekeza adzukulu? Inu a makomiti oyendetsa malowa, ayalireni agogowo mphasa kamodzi pasabata, ana amve nthano asanalandire phala.