Tiyambitse mpikisano wa mbedza, koma tiuyendetse mwathumwathu

Loweruka lililonse kukacha bwino, amene amadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa amawaona anyamata atatu kapena anayi atanyonyomala, nsungwi m'manja, kachitini ka nyongolotsi pambali. Ena mwa iwo ndi ana athu omwewa, amene Lolemba amakhala atavala yunifolomu. Amapita mozemba, popanda wamkulu wowayang'anira, ndipo chilichonse chimene akola, ngakhale kansomba kolingana ndi chala, chimathera pamoto. Makolo takalipa, aphunzitsi aletsa, koma nsungwi sizinathe. Ife tikuti m'malo mopitiriza kulimbana nawo, sukulu yathu iyambitse mpikisano woweza nsomba ndi mbedza, wokhala ndi malamulo omveka, kamodzi pachaka.

Tikudziwa kuti ena aseka. Kuweza n'kupikisananso? Si mwayi chabe umenewo? Tiyeni tione kaye mmene anzathu ena amachitira.

Ku England masewerawa ndi akale ndipo ali ndi otsatira ambiri. Oweza amasonkhana m'mawa m'mbali mwa damu kapena nyanja yaing'ono, pomwe akhomeratu zikhomo zokhala ndi manambala. Aliyense amatola nambala m'thumba osayang'ana, ndipo pomwe pali chikhomo chakecho ndi pomwe akhale mpaka mapeto, kaya ndi pabwino kaya ndi poipa. Nthawi zambiri amaweza maola asanu. Nsomba zimene wakola amazisunga zamoyo mu kaukonde kakatali komizidwa m'madzi, ndipo nthawi ikatha oyang'anira amadutsa ndi sikelo. Wopambana ndi amene nsomba zake zalemera kwambiri, kenaka zonse zimabwezedwa m'madzi. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa masewerawa unayamba mu 1957, ndipo Mngelezi wina, Alan Scotthorne, anaupambana kasanu pakati pa 1996 ndi 2007. Malo amachita kutola mwamaere, koma munthu mmodzi n'kupambana kasanu. Pamenepo mawu akuti mwayi sakukwanira.

Chimene munthu wotere amadziwa n'chimene tikufuna ana athu aphunzire. Asanaponye nyambo, woweza wodziwa amayamba wayeza kuya kwa madzi a pamalo pake. Amamangirira kolemera kumapeto kwa chingwe, n'kumasuntha choyandamitsa mpaka chitangotulukira nsonga yokha, ndipo akatero amadziwa pomwe pali pansi, pomwe pali chitunda ndi pomwe pali dzenje. Mwana wa ku Lunyangwa amaponya paliponse n'kumadikira. Wodziwa uja amasankha kuti nyambo yake igone pansi penipeni, kapena ilendewere chikhatho chimodzi pamwamba pa matope, malinga ndi nsomba imene akuifuna. Ngati zachedwa kudya, amasintha kuya pang'ono, osati kusamuka.

Chachiwiri ndi kaitanidwe ka nsomba. Popeza suloledwa kuchoka pa chikhomo chako, uyenera kuzibweretsa kwa iwe. Amachita izi powaza tizakudya pang'onopang'ono pamalo amodzi, kawirikawiri, kuti nsomba zisonkhane ndi kulimbirana koma zisakhute. Wothira zambiri nthawi imodzi amadyetsa nsomba zaulere, ndipo nyambo yake imangokhala. Kuno sitisowa kuitanitsa kanthu kuchokera kunja. Madeya a kuchigayo, ataviikidwa pang'ono n'kuumbidwa timibulu tosweka tikafika pansi, amagwira ntchito imeneyi. Abale athu amene anagwirako ntchito ku Joni angatichitire umboni kuti oweza a kumeneko amaumbira chakudya cha chimanga chogaya pafupi ndi mbedza, chimene amachitcha mieliebom, ndipo amapikisana nacho m'madamu awo akuluakulu. Nyambo za pambedza nazo tili nazo: nyongolotsi, nsima yolimba, chimanga chachiwisi, ziwala, ndi ngumbi mvula ikagwa.

Palinso kusankha kumene kumapangitsa masewerawa kukhala okoma. Kodi ugwiritse kambedza kakang'ono ndi chingwe chopyapyala, uzikola makumba apakati mmodzimmodzi mosalekeza, kapena uike mbedza yaikulu pansi ndi nyongolotsi zingapo, udikire mlamba mmodzi amene angalemere kuposa nsomba khumi za mnzako? Njira yoyamba imalipira pang'ono koma motsimikizika. Yachiwiri ikhoza kukupatsa chikho kapena kukubweza chimanjamanja. Mwana wa Fomu 2 atakhala ndi ola limodzi lotsala, akuyang'ana ndowa ya mnzake n'kumawerengera mumtima ngati asinthe njira, akuchita masamu enieni, ndipo palibe amene wamukakamiza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitikudziwa phunziro lina pa ndandanda yathu limene lingakhazike mwana malo amodzi maola atatu, maso pa kanthu kakang'ono koyandama, wopanda foni.

Nsomba zathu nazo zili ndi makhalidwe osiyana, ndipo mwana woweza amazidziwa kuposa wongowerenga. Chambo sichithamangira mbedza kwenikweni, chifukwa chimadya tizomera tating'onoting'ono toyandama m'madzi. Chilunguni amakonda masamba ndi udzu wam'madzi, choncho umamupeza m'mbali mwa mabango. Ncheni, amene ku Nkhata Bay amamutcha batala, ndi mlenje wa usipa, ndipo amafuna nyambo yoyenda. Kampango amakhala pansi pakuya ndipo amadya kwambiri usiku. Mlamba sasankha. Zonsezi zili m'mabuku a Biology ndi Agriculture, koma m'buku nsomba zimafanana.

Tanena zabwino za Angelezi. Pali ziwiri zimene sitikufuna kutengera.

Choyamba ndi ndalama. Kumeneko opikisana amasonkha ndalama m'mawa, ndipo opambana amagawana thumba lonselo madzulo. Ife, komanso tikhulupirira akuluakulu a komiti ya mzikiti, sitingalole mwana kuika ndalama yake patebulo kuti mnzake aitenge akapambana. Mtunda wa pakati pa zimenezo ndi njuga ndi waufupi, ndipo mauthenga a kubetcha pa mpira amene adzaza m'mafoni a achinyamata atikwanira kale. Mphoto ichokere kwa sukulu kapena kwa wakufuna kwabwino, ndipo ikhale makope, nyali yowerengera kapena chikho chimene chizitsala pasukulu.

Chachiwiri ndi chovuta kwambiri, ndipo pano tikuyembekeza mtsutso. Mwambo wobweza nsomba zonse m'madzi unabadwira kumalo kumene nsomba zimenezo sazidya. Kuno kwathu nsomba ndi ndiwo. Mayi amene wabwerera ku msika wa Zigwagwa atalephera mtengo wa kamulu ka usipa, mukamuuza kuti mwana wake anakola mlamba wa makilogalamu awiri n'kuuponyanso m'madzi, adzafunsa ngati aphunzitsi zikuwayendera. Sitingamunene kuti walakwa. Komanso ambiri mwa ife mtima sutilola kuboola cholengedwa pakamwa pongofuna kusangalala basi. Choncho lamulo lathu likhale ili: nsomba yofika msinkhu ikwere pa sikelo ndipo ikadyedwe, yaing'ono ibwerere m'madzi nthawi yomweyo ili moyo. Wopezeka ndi yaing'ono yakufa m'ndowa mwake achotseredwe mapointi. Aliyense akhale ndi kathabwa koyezera kolembedwa masentimita, anyowetse manja asanagwire nsomba, ndipo kaminga ka kunsonga ya mbedza akaphwanye ndi pulayala kuti mbedza izituluka osang'amba.

Lamulo limeneli ndilo mtima wa maganizo athu onse, ndipo si loyamba ndi ife. Malamulo a zausodzi a dziko lino amaletsa kale kugwira chambo chosafika masentimita 15 ndi mpasa wosafika masentimita 30. Vuto n'lakuti ana ambiri amakula osamvapo kuti nsomba ili ndi msinkhu wololedwa. Chimene amaona pamsika ndi kasawala, ana a chambo, ataunjikidwa pa thandala. Ena mwa iwo amaphedwa ndi maneti a udzudzu amene anagawidwa kuti atiteteze ku malungo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, kenaka n'kukawasiya m'madzi osaya a m'mbali mwa gombe, momwemo mmene neti ya udzudzu imakokedwa. Mu 2018 bungwe la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, linapeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pa chiopsezo chachikulu chotheratu, ndipo mitundu itatu ya chambo inaikidwa m'gulu la zotsala pang'ono kutha. Ife a ku Mzuzu timaiona nyanja ngati ya anthu a kugombe, koma ili makilomita pafupifupi 50 okha kuchokera pano, ndipo pakamwa pamene pakuidya ndi pathu.

Sitikunamizira kuti ana makumi atatu okhala ndi nsungwi apulumutsa chambo. Ntchito imeneyo akuigwira ena. Ku Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa lakhala likugwira ntchito ndi asodzi ndi mafumu kukhazikitsa makomiti a m'madoko olanda maneti oletsedwa ndi kuteteza malo oswanirana. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kuchokera zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Chimene ife tingathe n'chaching'ono: kutulutsa mwana amene dzanja lake linayezapo nsomba, n'kuipeza yaifupi ndi sentimita imodzi, n'kuibweza anzake akuona ngakhale zinamuwawa. Mwana ameneyo akadzakula adzagula mosiyana, ndipo akadzakhala wamalonda, wapolisi kapena khansala, nkhaniyi sidzakhala yachilendo kwa iye.

Tsopano za mantha a makolo, amene ndi oyenera. Madzi amapha. Ana athu ambiri obadwira mu mzinda uno sadziwa kusambira, ndipo gombe la Nkhata Bay limazama msanga pamiyala. N'chifukwa chake sitikupempha kuyambira kunyanja. Chaka choyamba tikambirane ndi mlimi wa nsomba wa pafupi amene ali ndi madamu osaya, timulipire pa kilogalamu ya nsomba zimene tatenga. Damu la Lunyangwa ndi la madzi akumwa a mzinda wonse, ndiye tisaliwerengere popanda chilolezo cha eni ake. Palibe wolowa m'madzi, palibe bwato. Pa ana asanu aliwonse pakhale wamkulu mmodzi, ndipo pakhale chingwe ndi chigubu chotseka bwino choponyera wogwera. Kukhala pamtunda kumatetezanso ku likodzo. Tikadzazolowera ndiye tidzaganize za nyanja, titafunsa kaye a ofesi ya zausodzi ndi anthu a padoko za malo, mphepo ndi ng'ona. Kholo limene likukayika liyerekeze izi ndi zimene zikuchitika kale Loweruka lililonse, mwana ali yekha pamtsinje.

Za mtengo sizitidetsa nkhawa. Kuti mwana wa wolemera asapambane ndi ndalama za bambo ake, onse agwiritse zida zofanana: nsungwi yosapitirira mamita anayi, chingwe chimodzi, mbedza imodzi. Choyandamitsa ndi kachidutswa ka patapata wakutha kapena mtima wa phesi la chimanga. Cholemeretsa chikhale kanati kachitsulo, osati mtovu wosungunula ku mabatire akale. Ku England analetsa timitovu ting'onoting'ono toweza nato mu 1987 chifukwa mbalame zam'madzi zinkafa zikatimeza, ndipo ana athu amakonda kufinya zoterezi ndi mano. Ndalama yeniyeni ndi ya galimoto ndi yolipira mwini damu.

Atsikana apikisane nawo. Tazolowera kuti usodzi ndi wa amuna, koma pa masewera ofuna maso, kudekha ndi dzanja lofewa, mphamvu zilibe gawo. Akhale ndi mbali yawo ya damu ndi aphunzitsi aakazi, ndipo sikelo ikhale imodzi. Mwina anyamata a Fomu 4 aphunzirapo kanthu.

Nthawi yabwino ndi Okutobala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa Mzuzu kumapangitsa nsomba za m'madamu kudya pang'ono, komanso ndi nyengo ya mayeso. Mu Novembala boma limatseka usodzi wa makoka kunyanja kuti chambo chiswane, ndipo sukulu yophunzitsa kusamala nsomba isakhale yoweza pamene asodzi auzidwa kupuma. Tiyambe 7 koloko m'mawa, timalize 10 koloko, kuti sikelo ndi ulendo wobwerera zithe nthawi ya swala ya masana isanakwane. Kalabu ya sayansi isunge kaundula wa mtundu, kutalika, kulemera ndi nyambo ya nsomba iliyonse, chaka ndi chaka. Ku Mzuzu University kuli gawo la maphunziro a zausodzi, ndipo tingawapemphe kuti atitumizire wophunzira mmodzi kapena awiri odzatithandiza kuzindikira mitundu ya nsomba, ana athu aonenso kuti pali digiri ya zimenezi pamtunda woyenda pansi.

Tikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda ya msonkhano wa makolo ukubwerawu. Pakati panu pali obadwira ku Usisya, ku Chintheche, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, amene munamanga mbedza musanadziwe kulemba dzina lanu. Tikufuna anayi mwa inu oti mukhale oweruza, ndi mmodzi wotibwereka sikelo yolendewera.