MLANDU WA LUMPA SUNATHE KU CHAMA

Abale anchito a m'makomboni, tiyeni tikumbuke za ku Chama.

M'caka ca 1964, ufulu uli pakhomo, nkhondo inabuka pakati pa Mpingo wa Lumpa wa Mai Alice Lenshina ndi anthu a UNIP pamodzi ndi asilikali a Boma. Pa 3 August a Lumpa anathira nkhondo boma la Lundazi napha anthu. Pa 7 August obwezera anapha a Lumpa 46 pamudzi wa Paishuko, m'dziko la Asenga, akazi ndi ana omwe. Boma linawerenga akufa oposa 700 m'nkhondo yonseyo.

Bungwe lofufuza linaturutsa lipoti lace mu 1965. Koma buku la Cingelezi losindikizidwa ku Lusaka silingapukute misozi ya nkhalamba ya kumudzi. Kwathu mlandu umatha pabwalo, mbali zonse ziwiri zitalankhula.

Ku South Africa mu 1996, bungwe la Bishopu Desmond Tutu linayamba kumva ofedwa ndi opalamula poyera. Ifenso tifuna bwalo lotere ku Chama, m'Cisenga, mboni zisanathe kufa. Maina a akufa onse alembedwe, osafunsa khadi la cipani kapena mpingo. Onsewo anali ana a Zambia!