A Curzon ali ndi mapepala a zaka 800. Nanga munda wa agogo anu uli m'dzina la ndani?

Pafupi ndi Derby, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Leicester, pali chinyumba chotchedwa Kedleston Hall. Banja la Curzon lakhala pamalopo kuyambira m'zaka za m'ma 1100. Mzere wawo wobadwira umadziwika dzina ndi dzina, chifukwa maukwati awo, imfa zawo ndi malire a minda yawo zinkalembedwa.

Musafulumire kuwasirira. Cha m'ma 1759, Nathaniel Curzon atafuna kumanga nyumba yomwe ilipo lero, anasamutsa mudzi wonse wa Kedleston kuti usamamutchingire maso. Chinatsala ndi tchalitchi chokha. Anthu amene ankalima pamenepo analibe chonena, poti malowo anali olembedwa m'dzina la bwana. Ife a ku Malawi nkhani yotereyi timaidziwa. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zaumwini wa malo kwa azungu a ku Shire Highlands, ndipo eni nthaka anasanduka alendo ogwira thangata pakwawo pomwe. Ku Thyolo ndi ku Mulanje bala limenelo silinapole mpaka pano.

Koma taonani mmene a Curzon anasungira chuma chawo. Malo sankagawidwa: ankapita onse kwa mwamuna mmodzi wa m'banjamo. George Curzon, yemwe analamulira India m'malo mwa mfumu ya Britain kuyambira 1899 mpaka 1905, anabereka ana aakazi atatu. Atamwalira mu 1925, Kedleston inapita kwa Richard, mwana wa mng'ono wake. Kwa Mchewa zimenezi ndi zodabwitsa, chifukwa kwathu munda umatsata mimba ya mayi, ndipo woyang'anira mbumba ndi atsibweni. Ine ndimaona kuti mwambo wathu umawalemekeza akazi kuposa wa Angelezi akalewo. Vuto lake ndi loti umasungidwa m'mitu ya anthu. Pantchito yanga ya makompyuta, chinthu chosungidwa pamalo amodzi okha timachiwerengera ngati chotayika kale, ndipo gogo mmodzi wa zaka 85 ndi malo amodzi.

Ngakhale a Curzon mapepala sanawapulumutse pa zonse. Richard atamwalira mu 1977, msonkho wa chuma cha masiye unawakulira, mpaka mu 1987 nyumbayo inaperekedwa ku National Trust. Komabe anakambirana ali ndi zikalata m'manja, n'chifukwa chake anatsala ndi ufulu wokhala mbali imodzi ya nyumbayo.

Inu amene munabadwira ku Leicester, Nottingham kapena Northampton, mudzakambirana muli ndi chiyani? Makolo anu agwira mashifiti ausiku m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mawerehausi, n'kumatumiza ndalama zomangira ku Area 49 kapena ku Chileka. Puloti zambiri zoterezi zinagulidwa m'dzina la m'bale wa kumudzi "kuti zisavute". Tsiku la maliro ndi pomwe zimayamba kuvuta, ndipo mwana wolankhula Chichewa chothyokathyoka, amene sadziwa ngakhale dzina la nyakwawa, ndiye woyamba kukankhidwira kunja.

Malamulo alipo. La chuma cha masiye la 2011 limateteza ana ndi mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu. La malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda wa banja. Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ndipo izi n'zofunika chifukwa kusintha kwa lamulo la malo kwa mu 2022 kunakhwimitsa zinthu kwa amene si nzika. Pasipoti ya Britain yokha siikukwanirani.

Tikudziwa kuti kufunsa bambo kapena mayi za wilo kumamveka ngati kuwalodza. Yambani ndi zosavuta: mfunda wathu ndi uti, mudzi wathu uli kwa T/A ndani, agogo anabadwa angati m'mimba mwawo, mwini mbumba pano ndani. Jambulani mawu awo pafoni, mulembe, mutumizireko abale anu. Funso la dzina lomwe lili pa chikalata cha puloti libwere pambuyo pake, koma lisadikire chaka chamawa.