Mwana Wokodzedwa Ayambe Wayezedwa Mkodzo

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia kukafika ku Dwangwa, mphasa yoyanikidwa pampanda m'mamawa imaulula za pakhomo. Ikakhala ya khanda, palibe amene amacheukako. Koma ikakhala ya mnyamata wa zaka 10 kapena 12, amenenso salankhula, sayang'ana anthu m'maso, ndipo amatha tsiku lonse ali yekha akubwereza masewera amodzimodzi, mudzi umayamba kunong'ona. Ena amati walodzedwa, ena amati makolo anamukhwimira, enanso amangoti ndi mwano. Chotsatira chake ndi mkwapulo, kumusereula pamaso pa anzake, kapena kumumangirira chule m'chiuno kuti achite mantha.

Kawirikawiri mwana wotereyu amakhala ndi vuto limene achipatala amalitcha autism, lomwe dokotala Leo Kanner analifotokoza mu 1943 ku Baltimore, m'dziko la America. Limachokera m'kakulidwe ka ubongo. Si ufiti ndipo silipatsirana. Kukodzedwa nakonso si kwachilendo, pakuti mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzedwabe, ndipo ambiri amaleka okha akamasinkhuka. Mwa ana a autism kumachedwa kutha, chifukwa ena samva msanga kuti chikhodzodzo chadzaza, pamene ena amamva koma alibe mawu odzutsira munthu. Kukwapula mwana chifukwa cha zimene zachitika ali m'tulo ndi nkhanza chabe, ndipo mantha amangokulitsa vutolo.

Tsono kunyanja kuno pali chinthu chimene makolo ayenera kuchiganizira asanapite kwa sing'anga aliyense, ndicho likodzo. Tizilombo ta nthendayi timakulira m'nkhono za m'madzi odikha, monga m'mabango a m'mphepete mwa nyanja, m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Timaboola khungu la wosamba, timakakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake amakanda chikhodzodzocho m'kati. Wodwala amakodza pafupipafupi, amamva kuwotcha, ndipo kumapeto kwa mkodzo kumatuluka magazi. Mwana wolankhula amadandaula kwa amake. Wosalankhula amangolira, kudzimenya kapena kunyowetsa mphasa, akuluakulu n'kumati wayambanso misala yake. Kuwonjezera apo, ana ambiri a autism amakonda madzi kwambiri, kotero kuti amakhalitsa m'nyanja kuposa anzawo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala a likodzo, otchedwa praziquantel, amagawidwa makamaka m'masukulu, ndipo mwana amene amabisidwa pakhomo samupeza. Iye amene ali pachiopsezo chachikulu ndiye amatsala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ayenera kuuzidwa za mwana wotere, ndipo nayenso ali ndi udindo wofunsa khomo ndi khomo ngati pali ana osapita kusukulu. Mkodzo wokayezetsa utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pakuti ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Mapiritsiwo ndi aakulu ndiponso owawa. Amamwedwa mwana atadya, ndipo ngati akuwakana makolo afunse achipatala m'mene angawaphwanyire m'chakudya chimene iye anachizolowera.

Paulendo womwewo achipatala ayang'anenso kudzimbidwa, kumene kumavuta ana osankha zakudya, chifukwa matumbo odzaza amapanikiza chikhodzodzo. Mwana womva ludzu losatha namaonda ayezedwe matenda a shuga. Amene amapezeka m'mawa atadziluma lilime, ali wolefuka, angakhale kuti khunyu imamugwira usiku. Ndipo mwana amene analeka kukodzedwa kwa miyezi 6 n'kuyambiranso asachedwetsedwe pakhomo.

Matenda akachizidwa, ntchito yotsala ndi ya pakhomo, ndipo imafuna kuleza mtima. Mwana wa autism amagwira msanga chinthu chochitika mofanana tsiku ndi tsiku. Madzi amwe okwanira usana wonse, pakuti kumumana madzi m'dera lotentha ngati lino n'kumuika pangozi. Chochepetsa ndi tiyi, thobwa ndi zakumwa za m'mabotolo dzuwa likalowa. Akodze atangodya nsima ya madzulo, akodzenso pokagona, wina akumuperekeza ndi mawu kapena chizindikiro chimodzimodzi. Chimbudzi cha kuseri kwa nyumba chimaopsa mumdima ngakhale kwa akulu omwe, choncho chidebe chokhala ndi chivundikiro chiikidwe pambali pa mphasa, pamalo osasinthasintha, ndipo m'mawa chikakhuthulidwe kuchimbudzi osati kunyanja. Pepala la pulasitiki liyalidwe pansi ndi kuphimbidwa ndi nsalu yokhuthala, popeza phokoso lake limasowetsa tulo ana ena. Tsiku limene wadzuka wouma ayamikiridwe. Tsiku limene wanyowetsa asinthidwe zovala mwakachetechete.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimachitika chifukwa cha kutopa kwa makolo. Choyamba n'kumuchotsa mwana m'masikito kuti akagone yekha kukhitchini, kumene udzudzu umamuyembekezera. Malungo a ku Nkhotakota ndi oopsa kuposa fungo la mkodzo. Chachiwiri n'kumutuma kukasamba kunyanja mbandakucha atasenza mphasa yake, ulendo umene umamuchititsa manyazi ndi kumubwezera kumadzi omwe anatengako likodzo. Madzi a pamjigo ndi sopo, kubafa ya pakhomo, ndi okwanira.

Makolo azilemba chizindikiro papepala usiku uliwonse, wouma kapena wonyowa. Pakatha miyezi 3 popanda kusintha, apite nalo pepalalo pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwanayo kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kuti ngati kuli kofunika awatumize kuchipatala chachikulu cha boma pa Nkhotakota.