Madzi akatentha, makorali alibe kothawira

Kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa Australia, m'chigawo cha Queensland, kuli matanthwe a pansi pa nyanja otchedwa Great Barrier Reef. Anandanda ulendo wa makilomita pafupifupi 2,300. Matanthwe ake alipo pafupifupi 2,900, zilumba 900, ndipo dera lonse limene boma limateteza ndi lalikulu masikweya kilomita 344,400. Dziko lathu la Malawi, pamodzi ndi nyanja yake, lingalowemo pafupifupi katatu.

Anamanga matanthwewa ndi makorali, tinyama tofewa timene kukula kwa tambiri mwa ito sikupitirira mamilimita ochepa. Kanyama kalikonse kamatapa laimu wosungunuka m'madzi n'kudziumbira kachigoba kolimba kokhalamo. Kakafa, tinzake timamanga pamwamba pa chigoba chakecho, ngati mmene chiswe chimakwezera chulu. Zaka masauzande zadutsa ntchito imeneyi ikuchitika, ndipo lero matanthwewo amaoneka ngakhale pa zithunzi zojambulidwa kuthambo.

Ine ndinakafikako podzera mumzinda wa Cairns, kumene maboti onyamula alendo amanyamuka m'mawa. Ulendo wopita ku matanthwe akunja ndi wa pafupifupi maola awiri. Tisanalowe m'madzi anatipatsa magalasi, kapaipi kopumira ndi chovala chothina chophimba thupi lonse, chifukwa kuyambira Novembala mpaka Meyi m'madzi amenewo mumakhala tinyama toluma ta ululu woopsa. Mtsikana wina wotitsogolera anabwereza lamulo limodzi mpaka tonse tinaliloweza: osagwira, osaponda, osatola kanthu.

Nditaviika nkhope m'madzi, choyamba kundifika chinali phokoso. Pansi pa nyanja pamamveka kuthetheka kosalekeza kwa tinkhanu tobisala m'mapanga, komanso kukhukhuluza kwa nsomba zobiriwira za milomo yolimba zimene zimapala ndere pa miyala. Nsomba zimenezi zimameza zidutswa za mwala, kuzipera m'khosi, n'kuzitulutsa zili mchenga. Gawo la mchenga woyera wa pa zilumba za kumeneko linadutsa m'mimba mwa nsombazi. Pena ndinaona nsomba yaikulu itaima chilili, pakamwa pali yasa, tinsomba tiwiri tikulowa ndi kutuluka m'kamwa mwake kuchotsa tizilombo. Inali yotha kutimeza kamodzi n'kamodzi, koma inangodekha mpaka tinamaliza ntchito. Chapansi panali nkhono ya zigoba ziwiri, milomo yake yabuluu ikunyezimira. Zikuluzikulu za mtundu umenewu zimalemera kuposa makilogalamu 200. Kenako anatulukira kamba wam'madzi, akupalasa mosathamanga, n'kukwera pamwamba kukapuma.

Amene munasambirapo pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, mbuna zikukuzungulirani, mukudziwa mmene mtima umachitira munthu akakhala mlendo pakati pa nsomba zosamuopa. Malo awiriwa ali pa mndandanda umodzi wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse: Great Barrier Reef inalowa mu 1981, paki ya m'nyanja yathu mu 1984. M'matanthwe a ku Queensland muli mitundu ya nsomba yoposa 1,500, mitundu ya makorali olimba pafupifupi 400, ndiponso mitundu 6 mwa mitundu 7 ya akamba am'nyanja imene ilipo padziko.

Zonsezi zatsamira pa chibale chimodzi chosaoneka ndi maso. M'thupi la korali mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Koraliyo amazipatsa malo, izo zimamudyetsa, ndipo mtundu wake umene timausirira umachokera kwa izo. Madzi akangotentha ndi digiri imodzi kuposa mmene amafikira m'chilimwe, n'kukhala choncho kwa milungu ingapo, chibalecho chimatha. Korali amalavula nderezo n'kutsala woyera mbee, mwala wa m'kati ukuonekera. Apo amakhala asanafe, koma ali ndi njala. Madzi akazizira msanga amachira. Akachedwa amafa, ndipo ndere zamtundu wina zoterera zimamera pa chigoba chake.

Kuyera kotereku kunagwira dera lalikulu koyamba mu 1998, kenako mu 2002. Panadutsa zaka 14, n'kubweranso mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Taonani mmene mipata yafupikira. Tanthwe lowonongeka limafuna zaka khumi kapena kuposerapo kuti libwerere mwakale, koma tsopano likupatsidwa zaka ziwiri. M'chaka cha 2016 chokha, malinga ndi kafukufuku amene anatsogolera Pulofesa Terry Hughes wa ku James Cook University, makorali pafupifupi 30 pa 100 alionse a m'madzi osaya anafa, makamaka kumpoto, kumene kuli kutali ndi mizinda ndi minda. Kutentha kwafika ndi mu mchenga momwe. Kamba amakhala wamkazi kapena wamwamuna potengera kutentha kwa mchenga umene dzira lake lakwiriridwamo, ndipo kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti mwa akamba aang'ono obadwira kumagombe a kumpoto, 99 pa 100 alionse anali aakazi.

Sindinganene kuti Australia yangokhala manja lende. Paki yoteteza matanthwewa inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1975. Mu 2004 boma linakulitsa malo oletsedwa kusodza kuchoka pa gawo losakwana 5 pa 100 kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a paki yonse. Asodzi anadandaula kwambiri, koma m'malo otsekedwawo nsomba zinachuluka, zinakula, ndipo ana ake amafalikira mpaka kumalo kumene kusodza n'kololedwa. Pali magulu a anthu odumphira pansi pa madzi amene amasaka ndi kubaya jekeseni zinyama zaminga zooneka ngati nyenyezi, zotchedwa crown-of-thorns, zimene zimadya makorali. Alimi a nzimbe ndi oweta ng'ombe anaikiridwa malamulo ochepetsa feteleza ndi matope okokolokera m'mitsinje. Mlendo aliyense wokwera boti amalipira kandalama kothandizira kusamala pakiyo. Eni nthaka, mafuko a Aboriginal ndi a ku zilumba za Torres Strait, amene akhala ndi nyanjayi kuyambira kalekale James Cook asanagunditse sitima yake pa matanthwewa mu 1770, nawonso tsopano ali ndi alonda awo.

Koma mlonda amagwira munthu woponya ukonde pamalo oletsedwa; madzi otentha sangawabweze. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pagombe lomwelo loyang'anizana ndi matanthwewa pali madoko a Hay Point, Abbot Point ndi Gladstone, kumene sitima zikuluzikulu zimapakira malasha usana ndi usiku kupita nawo ku Asia. Australia ili m'gulu la mayiko otumiza kunja malasha ochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo utsi wa malashawo, kulikonse kumene awotchedwa, umawonjezera kutentha kumene kukuyeretsa makorali. Sitimazo zimadutsa m'mipata ya matanthwe omwewo. Mu Epulo 2010 ina mwa izo, Shen Neng 1, itadzaza malasha, inasochera n'kukhula tanthwe la Douglas Shoal mtunda wa pafupifupi makilomita atatu.

Mu 2021 akatswiri a UNESCO analangiza kuti malowa alembedwe pa mndandanda wa chuma chimene chili pangozi. Nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, Sussan Ley, inazungulira mayiko kupempha kuti zisatero, ndipo zinathekadi. Chaka chomwecho chisanathe, mgodi watsopano wa Carmichael unayamba kutumiza malasha ake ku Abbot Point. N'zoona kuti mu 2023 nduna ina, Tanya Plibersek, inakana mgodi wina umene unkafuna kukumbidwa pafupi ndi gombe la matanthwewa, ndipo pamenepo inachita bwino. Komabe boma lomwelo lapitiriza kuvomereza migodi ina ya malasha.

Ena amati malasha amabweretsa ntchito. Nawonso matanthwewa amadyetsa anthu: kafukufuku wa Deloitte wa mu 2017 anawerengera ntchito 64,000 zodalira Great Barrier Reef, zambiri mwa izo za zokopa alendo. Woyendetsa boti ku Cairns, wophika m'mahotela a ku Port Douglas ndi mtsikana wophunzitsa alendo kusamala makorali onse amadya chifukwa chakuti tinyama timeneti tikadali moyo.

Ukapita lero upezabe malo okongola kwambiri, ndipo ndikulimbikitsa aliyense amene angapeze mpata kuti akaone. Koma dziko lolemera ngati Australia, lokhala ndi dzuwa ndi mphepo zokwanira kupangira magetsi, lilibe chifukwa chotsegulira migodi yatsopano ya malasha kwinaku likulonjeza dziko lonse kuti likusamala matanthwewa. Likhoza kuchulukitsa alonda, kupha zinyama zaminga ndi kuyeretsa mitsinje, koma ngati silisiya kutsegula migodiyo, makorali apitiriza kufa.