Wophunzira MBA akawerenge lipoti lake pamaso pa amayi a ku Thuchila

Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo amene limagula kunja, mtengo unagwa mpaka alimi a ku Mulanje ankangoyang'ana matumba akufumbwa m'nyumba. Ngongole za banki m'khonde zinkafunika kubwezedwa ndithu. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India izigula matani 50,000 pachaka, koma mlimi wa ku Thuchila akugulitsabe kwa venda wobwera ndi sikelo yakeyake.

Nkhani yotereyi wophunzira MBA, kaya wa ku MUBAS kaya wa kwina, ayenera kukaiona ndi maso. Masukulu ambiri a bizinesi kunjaku amatumiza ophunzira kukathandiza magulu a anthu, kenaka n'kulemba zimene aphunzirapo. Ganizoli latsamira pa buku la Donald Schön la 1983, The Reflective Practitioner, lonena kuti katswiri amakhwima polingalira za ntchito yake akadali mkati moigwira. Ine ndikuvomereza. Ndipo kuchoka ku Limbe kufika ku Thuchila pamsewu wa Midima si ulendo woti munthu n'kudandaula nawo.

Pamene ndikukana ndi pa wowerenga. Zolingalirazo zikalembedwa m'Chingerezi n'kupita kwa mphunzitsi yekha, wophunzira amadziwa msanga zopatsa malikisi: kuti wadzichepetsa, kuti umphawi wamukhudza mtima. Nkhani zotere zimalembeka usiku umodzi, ndipo palibe amene angazitsutse.

Tayerekezani kuti lipoti lomwelo akuliwerenga m'Chichewa pamsonkhano wa gulu. Wawalangiza kuti asunge nandolo mpaka mtengo utakwera, monga bukhu likunenera. Msungichuma amufunsa kuti chiwongoladzanja cha mwezi uno alipira ndani, nanga mankhwala a anankafumbwe agula ndi chiyani. Wina amukumbutsa za Freddy, mu Malichi 2023, pamene madzi anakokolola minda ndi nyumba m'boma lonseli. Kwa iye thumba losungidwa ndi thumba loti likhoza kupita ndi madzi. Apo wophunzira uja akakamizika kuganiza mozama, chifukwa omutsutsawo ndi amene adzaluze ndalama malangizo ake akalakwika.

Choncho gawo lina la malikisi lizichokera ku gululo. Ndipo asamalize maphunziro asanabwererekonso nyengo yokolola yotsatira, akaone ngati nandolo uja anagulitsidwa, pamtengo wanji, komanso kwa yani.