Kuwedza Nsomba Si Masewero

Alipo anthu ena, makamaka a m'mizinda, amene amanena kuti kuwedza nsomba ndi mbedza kuyenera kulowa m'gulu la masewero a mpikisano. Iwo amafuna kuti boma likutukule monga momwe limachitira ndi mpira wa miyendo, mpira wa manja, nkhonya ndi liwiro. Kuti sukulu zikhale ndi magulu a owedza. Ndi kuti wokola nsomba yaikulu azilandira chikho. Mawu awo ndi okoma m'khutu, pakuti dziko la Malawi lili ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500 ndiponso mitsinje yambiri. Komabe maganizowa ndi osokoneza, ndipo ayenera kukanidwa asanamere mizu.

Eni maganizowa sanama pa zonse. N'zoona kuti kunja kuli mipikisano yotere. Ku Zimbabwe, pa nyanja ya Kariba, anthu akhala akupikisana kuwedza nsomba ya mano akuthwa yotchedwa tiger fish kuyambira m'chaka cha 1962. Ku America kuli bungwe la International Game Fish Association, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1939, ndipo limasunga mbiri ya nsomba zikuluzikulu zokoledwa ndi mbedza. N'zoonanso kuti kuwedza kumafuna luso. Wowedza weniweni amadziwa nyambo yoyenera mlamba ndi yoyenera kampango, amadziwa kuwerenga mtundu wa madzi, ndipo amapirira. Koma luso lokha silisandutsa ntchito kukhala masewero. Wosema mtondo ali ndi luso, woumba mbiya alinso nalo, koma palibe amene anapemphapo kuti iwowa apatsidwe bwalo ndi woyimbira.

Mpikisano woona umayika anthu pamuyeso umodzi. Othamanga amayambira pamzere umodzi ndipo mtunda wawo ndi wofanana. Osewera mpira amathamangitsa chikopa chimodzi, aliyense ndi miyendo yake. Ngakhale pabawo, pamene thukuta silituluka, osewera awiri amayamba ndi nkhomo zofanana ndipo wopambana amapambana ndi mutu wake. Nanga pakuwedza? Anthu awiri akhoza kukhala pagombe limodzi ndi nyambo yofanana, wina n'kubwerera ndi dengu lodzaza, mnzake n'kubwerera chimanjamanja, chifukwa choti gulu la nsomba linadzera uku osati uko. Mwera ukawomba, katswiri ndi wophunzira amafanana. Pamenepo amene wagamula mpikisano ndi nsomba, ndipo nsombayo sinavomere n'komwe kulowa m'masewerowo.

Pamene mwayi walekezera, chuma chimayambira pomwepo. Kuwedza kwa mpikisano sikuchitika ndi nsungwi, ulusi ndi nyongolotsi monga amachitira anyamata a kumudzi. Kumafuna ndodo zogula kunja, makina okulungira ulusi, nyambo zopanga m'fakitale ndi boti la injini lomwa mafuta. Mbiri yake m'dziko muno ikuchitira umboni. Nsomba za mtundu wa trout zimene zinaikidwa m'mitsinje yozizira ya pa mapiri a Zomba ndi Mulanje ndiponso ku Nyika sizinabadwire muno; anabwera nazo ndi atsamunda kuti azisangalala powedza pa masiku opuma. Anali masewero a bwana, mwini dziko atamunyamulira chikwama. Lero khungu la bwanayo likhoza kukhala lina, koma mtengo wa zipangizo sunatsike. Mpira umaseweredwa ndi ana makumi awiri ndi awiri pa mpira umodzi, ngakhale wokulunga ndi mapepala a pulasitiki. Ndi chifukwa chake unafika m'mudzi uliwonse popanda wina kuukakamiza.

Ndalama za masewero m'dziko muno n'zochepa, ndipo khasu limodzi silingalime minda iwiri nthawi imodzi. Timu ya mpira wa manja ya Malawi Queens inakhala pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse m'chaka cha 2007, ndipo m'chaka cha 2016 inatenga nambala 3 pa mpikisano wa Fast5, chikhalirecho atsikana ambiri amaphunzirira masewerowa pa mabwalo a fumbi. Timu ya Flames inafika ku mpikisano wa African Cup of Nations m'chaka cha 1984, ndipo panapita zaka 26 kuti ibwerereko m'chaka cha 2010. Dziko lino linayamba kutumiza osewera ku Olympics m'chaka cha 1972, koma mendulo ya kumeneko silinaione. Sukulu zambiri za sekondale zili ndi mpira umodzi wokha, wosokedwa kangapo. Munthu amene angaone zonsezi n'kunena kuti ndalama zina zipatulidwe zogulira mbedza zonyezimira, ndiye kuti sanapondeko pabwalo la sukulu ya kumudzi.

Koma nkhani yaikulu ili pa nsomba yeniyeniyo. Kwa Mmalawi nsomba ndi ndiwo. Usipa, utaka ndi matemba ndiwo amatsitsira nsima m'nyumba zimene nyama imaoneka pa Khirisimasi pokha. Msodzi amene amapalasa bwato usiku wonse, nyali ili kumutu kwa bwato, sakusewera. Akusaka sopo, mchere ndi fizi ya mwana. Ochirikiza mpikisano amayankha kuti iwo saononga kanthu, popeza nsomba akaikola amaiyesa pa sikelo, kuijambula, kenaka n'kuibwezera m'madzi. Yankho limeneli lili ndi mabala awiri. Loyamba n'lakuti si nsomba zonse zobwezedwa zimene zimakhala ndi moyo: ina imameza mbedza mpaka m'mimba, ina imang'ambika makha, ina imatopa ndi kukokana kwa nthawi yaitali ndipo imakafera patsogolo. Lachiwiri n'lamwambo. Ana m'dziko muno amaleredwa ndi lamulo loti chakudya sachiseweretsa. Kodi mphunzitsi adzafotokoza bwanji kwa mwana amene wagona ndi njala kuti kukola kampango n'kumutaya m'madzi ndi chinthu chofunika kuwomberedwa m'manja?

Ndiponso nsombazo zikutha. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatsika koopsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ndi ana omwe. Ndi vuto limeneli limene linachititsa kuti m'chaka cha 1993 kuyambike makomiti a m'midzi oyang'anira magombe, ndipo m'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano losamalira nsomba. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kwambiri kutheratu. Kunena zoona, mbedza si imene inatha chambo. Mlanduwo ndi wa makoka. Koma nsomba imene wowedza wa mpikisano amailakalaka ndi yaikulu, ndipo yaikuluyo ndiyo imaikira mazira ambiri. Mpasa, womwe owedza amaukonda chifukwa cha mphamvu zake, umachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua kukaswana, ndipo ndi pa ulendo umenewo pamene umapezeka mosavuta. Kuitanira khamu la opikisana kumtsinje wotere kuli ngati kutchera msampha pakhomo la chikuta.

Anthu a ku Salima anaona patali. Pa chilumba cha Mbenji, pansi pa ulamuliro wa mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa miyezi ingapo ya dzinja chaka ndi chaka, asodzi onse n'kuchoka pachilumbapo kuti nsomba ziswane. Mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Ngati pali chinthu chokhudza nsomba chofunika kuti achinyamata achiphunzire ndi kuchinyadira, n'chimenechi.

Palinso za ana a m'mbali mwa nyanja. Aphunzitsi a ku Mangochi, Nkhotakota ndi Nkhata Bay akudziwa nkhondo imene amamenya pofuna kusunga anyamata m'kalasi. Usipa ukagwa, mabenchi amakhala opanda anthu, chifukwa mnyamata amaona kuti ndalama ya lero pagombe iposa satifiketi ya zaka zinayi zikudzazo. Ambiri mwa anawa amadwala likodzo, matenda ofala kudzera mu nkhono za m'madzi osaya, pomwe wowedza amaimapo tsiku lonse. Ku Shire kuli ng'ona ndi mvuu. Sukulu imene yakhala ikuitana mwana kuti achoke kugombe siingatembenuke n'kumuuza kuti kugombeko kuli chikho. Iye adzamva mbali imodzi yokha ya uthengawo, ndipo Lolemba sadzaoneka.

Tsono ofuna kuwedza mosangalala asaletsedwe. Alendo amene amabwera ndi ndodo zawo amasiya ndalama m'mahotela ndi m'manja mwa owaperekeza, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma malo a nkhani imeneyi ndi ku nthambi yoona zokopa alendo ndi ku nthambi ya za usodzi, kumene kuli ziphaso, malire ndi nyengo zotsekera. Azilipira okha, monga amachitira wokaona njovu ku Liwonde. Thumba la masewero ndi nthawi ya sukulu asazikhudze.

Ngati cholinga n'chakuti nyanja ibale akatswiri, njira ilipo kale. Kusambira ndi kupalasa ngalawa ndi masewero ovomerezeka ku Olympics, pamene kuwedza kulibeko. Mwana wa ku Likoma kapena ku Chembe amasambira asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo pofika zaka khumi ndi ziwiri amatha kuwongolera bwato pakati pa mafunde amene munthu wa ku Lilongwe sangayerekeze kuwayandikira. Mapewa amenewo ndi mphuma limenelo n'zimene aphunzitsi a masewero m'maiko ena amazisaka ndi ndalama zambiri. Chimene anawa akusowa ndi munthu wowaphunzitsa malamulo a mpikisano, wotchi yowayesera nthawi, ndi galimoto yowatengera kumene kukuchitikira mipikisanoyo.